Kukatenga Karinya ya Malume ku Beira

Galimoto yakale ya malume Armando inali karinya, zija zotsegula kumbuyo, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inkatsitsa kachewere kuchokera ku Ulongwe mpaka pamsika wa Kwachena ku Nhartanda, mumzinda wa Tete. Injini yake inali ya malita atatu. Ikalira pakona, agalu onse a m'dera lathu la Filipe Samuel Magaia ankadziwa kuti mkulu uja wafika. Tsiku lina inangogogoda kawiri pachitunda n'kukhala chete. Amakaniko atatu anaitsegula, ndipo atatu onsewo anapukusa mitu.

Malume anali atayamba kale kusungira ina, koma mtengo unkathamanga kuposa iwo. Akafunsa lero, n'kubwererako patapita miyezi ndalama zili m'manja, ankapeza wasuntha. Yatsopano yeniyeni ndiye musanene, mtengo wake ndi wa nyumba ya ku Chingodzi ya mpanda ndi thanki yamadzi. Mapeto ake anamva za munthu wina wa ku Beira wogulitsa zoyendapo kale, zotsika m'sitima, ndipo anagwirizana naye pafoni za ina ya injini yaikulu ngati yakale ija.

Panalinso nkhani ina. Mwendo wawo wamanzere unayamba kutupa akayendetsa nthawi yaitali, choncho ankafuna motorisita wowayendetsera. Oyembekezera tinali awiri: ine Lazaro, mwana wa mlongo wawo, ndi Zito, mwana wa mchimwene wa akazi awo, Tiya Lusiya. Kuyendetsa ndimamposa Zito, iyenso akudziwa. Koma Zito sanagwirepo munthu pakhosi. Ine sukulu ndinasiyira kalasi yachisanu ndi chimodzi nditakangana ndi mphunzitsi. Pa minibasi anandichotsa nditang'amba malaya a munthu amene anakana kulipira. Pantchito ya ku Moatize ndinatha miyezi inayi yokha. Kuyambira pamenepo ndinali ndikungokhala, mkazi wanga akukazinga mandasi kuti tidye.

Malume anandiitanira pakhonde.

"Upite nane ku Beira," anatero. "Tikabwerako usanakalipire munthu ndi mmodzi yemwe, kiyi ndi wako. Ukakalipa, ndimpatsa Zito. Wamva?"

"Ndamva, malume."

"Sunamve. Bwereza."

Ndinabwereza ngati mwana wa katekisimu.

Tinakwera mashibombo, basi yaikulu ija ya ku Beira, mbandakucha. Bilyete, tikiti ya basiyo, nayo inali itakwera, ndipo malume anaidandaula mpaka nyumba za mumzinda zinatha. Pa Changara tinatsika kukagula nyama yambuzi yowotcha. Pobwerera ndinapeza bambo wina wakhala pampando wanga wapawindo, nsapato atavula kale.

"Mano, achimwene, mpando wanga uwo," ndinatero.

"Walembedwa dzina?"

Ndinacheuka, ndipo malume anali akutafuna nyama pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Ndinakhala pa thumba la malambe pakanjira kapakati. Malambe si chinthu chokhalapo, koma ndinakhalapo mpaka ku Guro, kumene bamboyo anatsika osandiyang'ana n'komwe.

Titadutsa Guro pang'ono, tayala lakumbuyo linaphulika. Jeke amene a basiwo anali naye anali wamfupi, anamuikira miyala, miyala inaphwanyika. Tinadikira pansi pa mtengo maola atatu kuti lole ina iime itibwereke jeke wake. Amayi anayala nsalu, wina anatulutsa makhadi, ana anayamba kuponya miyala pachikwangwani. Malume sangaone tayala likusinthidwa osalangiza, choncho anaima pamwamba pa okonzawo manja ali kumbuyo mpaka mmodzi anawapempha mwaulemu kuti akapumule.

Pamthunzi paja panali mnyamata wa kumigodi, chipewa chake cholimba atachimangirira pachikwama. Atamva kumene tinkapita, anati, "Bambo, zazikuluzo zikutha. Kumene amapanga magalimotoko sakufunanso utsi wambiri ndi mafuta ambiri. Masiku ano akuika kainjini kakang'ono n'kukawonjezera turubo. Zathu zonse kuntchito ndi zotero."

"Mbuzi ngakhale uimange goli siikhala ng'ombe," malume anayankha, ndipo pamthunzi ponse panaseka.

Catandica, Vanduzi ndi Chimoio tinadutsa ndili mtulo ta apa ndi apo. Ku Inchope tinaima nthawi yaitali podikira anthu odzaza mipando. Ku Beira tinafika dzuwa litalowa, fungo la nyanja ndi matope lili thoo, ndipo tinakagona ku Manga kwa mbale wina wa Tiya Lusiya.

M'mawa mwake tinapita kumpanda wa magalimoto kuja. Karinya ya injini yaikulu inalipodi, yoyera, ndipo malume anaisisita pabonete ngati akuweta ng'ombe. Kenaka wogulitsa, bambo wa magalasi akuda, anatchula mtengo. Sunali umene anagwirizana pafoni.

"Patarau, bwana wanga, dola yakwera, kudoko akweza," anatero akutambasula manja. "Ndipo za injini yaikulu aliyense akuzifuna chifukwa zikusowa. Dzulo lomweli abwera anthu awiri. Koma musadandaule, ndili ndi ina yabwino kuposa iyi."

"Munagwirizana pafoni!" ndinatero, ndipo ndinazindikira kuti ndasuntha kale mapazi awiri kumuyandikira. Malume anatsokomola. Ndinatembenuka, ndinapita kumpanda n'kugwira waya ndi manja onse mpaka zala zinawawa.

Inayo inali yotuwa, yatsopanoko kuposa yoyera ija, ndipo mtengo wake unali wokwanira ndalama za malume. Atatsegula bonete anapeza chivindikiro cha pulasitiki. Wogulitsa anachichotsa, ndipo pansi pake panali injini yosakwana malita awiri.

"Injini yake ili kuti?" malume anafunsa. "Ichi n'chigayo cha mtedza."

Anakakhala pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo. Ine ndinatsala pagalimoto paja, ndipo makaniko wa pamalopo, mesitiri Domingo, mkulu wa imvi amene ankadya buledi ndi manja a girizi, anandikodola.

"Uyendetsa ndiwe?"

"Mwina."

"Ndiye umve, poti mkuluyo lero makutu watseka. Ukuona kankhono aka?" Analoza kachitsulo kopindika m'mbali mwa injini. "Ndiye turubo. Mkati muli kakupiza kozungulira ndi utsi wotentha, kamapopera mpweya mu injini. Mphamvu zonse zili apa. Kamakhalira moyo oyilo. Ukafika pamalo, usazimitse pomwepo. Isiye ilire yokha mphindi ziwiri, kazizire. Ukaiponda mafuta n'kuzimitsa, oyilo amaima, iko kakadazungulira kali kouma. Kamodzi sikafa, kawiri sikafa, koma mwezi sumatha. Chachiwiri, gazoliyo, dizilo uja, wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu usamuyerekeze. Zakale zinkameza chilichonse, ngakhale parafini. Iyi timabowo take n'tochepa kuposa tsitsi. Ikatsekeka, kukonza kwake mkuluyo agulitsa nyumba."

Patatha ola, malume anadzuka, anavala chipewa, nati, "Kubwerera pa basi sindingathe. Anthu andiseka."

Mapepala a yotuwa ija anatidyera masiku awiri. Tinkafika kuofesi m'mawa, n'kukhala pabenchi, n'kuuzidwa kuti sisitema ya makompyuta yagwa. Itadzuka, wosayina anali atapita kukadya. Atabwera, inagwanso. Pabenchipo tinadziwana ndi Dona Rosa, mayi wa ku Tete konkuno wogulitsa mchere ndi nsomba zouma, amene anabwera kudzaperekeza mlamu wake. Iye ndiye anandiphunzitsa kudikira kwa ku Beira: kugula kokonati, kumwa madzi ake, kenaka kumakanda mkati ndi supuni pang'onopang'ono mpaka tsiku lithe. Atamva kuti tikubwerera ndi karinya yopanda katundu anadabwa ngati tanena zotukwana. Wamalonda sabwerera chimanjamanja. Tinasenza matumba ake a mchere ndi mitolo ya nsomba, iye n'kukhala pakati pathu kutsogolo.

Chiwongolero anagwira malume, poti galimoto yatsopano amayamba ndi mwini wake. Dondo tinadutsa bwino. Pa Nhamatanda tinaima kuti tigule nthochi, ndipo malume anachita zimene akhala akuchita moyo wawo wonse. Madalaivala akale onse amatero: asanazimitse amaponda mafuta kawiri, vuum, vuum, kenaka kiyi. Amati n'kuisiyira injini chakudya m'kamwa kuti isavute podzuka. Ndinamva kakupiza kaja kakulirabe kokha injini itazima.

"Malume," ndinayamba motsitsa mawu, "mesitiri uja anati injini izi sizifuna..."

"Mesitiri wake uti? Ine ndinayamba kuyendetsa ku Dedza tili othawa nkhondo, amako akusewera phada. Lero undiphunzitse kuzimitsa galimoto?"

Ndinatafuna nthochi. Ndikanapitiriza, mawu akanakwera, ndimadzidziwa. Ndikanakhala chete, galimoto ikanafa mwezi usanathe, ndipo motorisita wopanda galimoto ndi munthu wongokhala basi. Kuchokera pa Nhamatanda mpaka pa Inchope ndinali ndikuganiza, ndipo ndinapeza njira.

Titaima pa Inchope, dzanja la malume lisanafike pakiyi, ndinati, "Malume, musazimitse kaye, foni yanga yatsala pang'ono kudzaza. Tsikani, ndizimitsa ndine."

Anang'ung'udza za mafuta koma anatsika, poti anali atapanikizika. Ndinakhala ndikuyang'ana foni mphindi ziwiri, kenaka ndinazimitsa mwakachetechete. Dona Rosa anandiyang'ana cham'mbali.

"Foni yako yadzaza kalekale, ndaiona," anatero.

Ndinamufotokozera zonse, za kankhono ndi za Zito. Anaseka mpaka anagwira pachifuwa.

Pachitunda cha ku Gondola malume anatchera khutu. "Imva! Ikuliza mluzu. Paipi yabooka. Atigulitsa chinthu chowonongeka, tibwerere."

"Ndi turuboyo, malume, imalira choncho."

Sanakhulupirire. Anaima osazimitsa injini, tinatsika, anagwira paipi iliyonse, anagwada mpaka pansi, sanapeze kanthu. Titanyamukanso, kutsogolo kunali malole atatu akukwawa. Malume anaponda mafuta mokayika, kamluzu kaja kanakwera, ndipo msana wanga unakanikizika kumpando. Tinawadutsa onse atatu, mchere wonse uja uli kumbuyo. Titafika pamwamba pa chitunda, malume anasisita chiwongolero.

"Kali ndi mwano kanthu aka," anatero.

Ku Chimoio, kumene tinagona, Dona Rosa ndiye anapempha kuti injini isazime kaye, ati mphepo yozizira ya m'galimotomo imuwombeko pang'ono, mutu ukumuwawa. M'mawa pa Vanduzi ndinati ndikufuna kumvetsera kamluzu kaja ngati sikanasinthe. Pa Catandica foni inathanso moto. Malume anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Foni yakoyo ikudya gazoliyo kuposa galimoto," anatero, koma anatsika.

Ndinayamba kuona kuti ndifika. Kunali kutatsala Guro, Changara, kenaka kwathu. Ndinali nditayamba kale kuganiza zimene ndikamuuze mkazi wanga.

Pa Guro singano ya mafuta inali itatsikira pa kota. Malume anapatukira pansi pa mtengo pamene anthu amagulitsa gazoliyo m'zigubu zachikasu, wogula kwa madalaivala a malole. Ndi wotsika mtengo, ndipo karinya yakale inakulira gazoliyo ameneyo. Wogulitsa, bambo wowonda wa malaya a mpira, anabwera ndi chigubu ndi fanulo ya botolo lodula, kukamwa kwake atakulungako kansanza. Ndinasuzumira m'chigubumo. Pansi pake pankaoneka zinyalala zikuyandama.

Ndinaika dzanja pachitsekero cha thanki.

"Malume, tikathire pa bomba, pamalo omwetsera mafuta ku Changara. Afika amene alimowa."

"Chotsa dzanja."

"Malume, mesitiri anati gazoliyo uyu aitseka."

"Ndati chotsa. Thira, iwe," anauza wogulitsa uja.

"Malume, chonde."

Anandikankha dzanja, n'kutsegula okha. Wogulitsa analowetsa fanulo, n'kunyamula chigubu. Zimene zinachitika kenaka ndinangoziona zitachitika kale. Fanulo inali ikuuluka kudutsa msewu, ndipo mawu anga anali akumveka mpaka kumagolosale.

"Mwavutika zaka zonsezi kuti mudzaiphere pano? Iyi si ngolo yanu yakale ija! Simukumva bwanji, mkulu wonse? Mukufuna tikafike ku Tete titaikoka ndi chingwe?"

Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. Anthu a njinga anaima. Wogulitsa uja anatsala atanyamula chigubu m'mwamba, pakamwa pali yasaa. Ndinali nditalalatira malume anga pagulu, mlongo wa mayi anga, pamsika wa eni ake.

Malume sanakweze mawu. Anatseka thanki pang'onopang'ono.

"Katole," anatero.

Ndinawoloka msewu, ndinatola fanulo, ndinaipukuta ndi malaya anga n'kuipereka kwa mwini wake ndi manja awiri. Malume anamupepesa m'Chinyungwe, n'kumupatsa ya sopo. Gazoliyo sanathire. Kenaka analoza kumbuyo ndi chibwano.

"Kwera uko."

Kuchokera pa Guro mpaka pa Changara ndinakhala pamwamba pa matumba a mchere, mitolo ya nsomba ili m'mbali. Dzuwa la kumeneko amene analiona akulidziwa. Mkwiyo unatha tisanayende patali, monga umachitira nthawi zonse, n'kundisiya ndi manyazi okhaokha. Ndinkaona milambe ikudutsa, mbuzi, matumba a makala m'mbali mwa msewu. Pamlatho wa Luenha amayi ankachapa m'timadzi totsala pakati pa mchenga. Ndikasuzumira pagalasi lakumbuyo ndinkaona Dona Rosa akulankhula, manja akukwera ndi kutsika, pena akuloza kutsogolo kwa galimoto, pena akuloza kumbuyo kumene ndinali. Khosi la malume silinatembenuke ndi kamodzi komwe. Sindinamve liwu lililonse. Ndinayesa kukonza mawu okamuuza mkazi wanga, koma onse ankathera pamodzimodzi: uzikazingabe mandasi.

Pa Changara malume analowa pa bomba n'kudzaza thanki. Potsika anatsimphina, mwendo utatupa mpaka nsapato inawathina. Anazungulira galimoto atagwira bodi, n'kukakhala mbali ya wokwera.

"Yendetsa," anatero osandiyang'ana. "Usaganize zina. Ndi mwendo."

Ndinayendetsa. Dona Rosa anandiuza kuti ndikununkha ngati katundu wake. Tinamutsitsa ku Nhartanda ndi matumba ake dzuwa litapendeka. Potsanzikana anagwira dzanja la malume nthawi yaitali, ine anangondimenya paphewa.

Kunyumba anali atamva kale kuti tayandikira. Geti linali lotsegula, Tiya Lusiya akululutira, ana a anansi akuthamanga m'mbali. Zito analipo, atavala malaya oyera opisira, ndipo nditaona nkhope yake ndinadziwa kuti foni inalira kale kuchokera ku Changara kufotokoza za pa Guro. Ndinalowetsa galimoto pabwalo, ndinakoka buleki yamanja, n'kusiya injini ikulira. Kaya kiyi apita kwa yani, mphindi ziwirizo ndinati ndizikwanitse.

Anthu anadikira kuti titsike. Tiya Lusiya anasiya kululuta. Zito anabwera pawindo langa akumwetulira.

"Mano, waiwala pozimitsira?" anatero, n'kulowetsa dzanja kuti apotoze kiyi.

Malume anatambasuka kuchokera mbali yawo n'kumumenya padzanja, phaa, ngati mwana wofuna kutola nyama m'mbale ya alendo.

"Usaigwire! Ukuyesa ndi ngolo? Izi zimafuna zizizire kaye."

Zito anabweza dzanja n'kuyang'ana azakhali ake. Tinakhala momwemo, ine ndi malume, tonse tikuyang'ana khoma la kutsogolo, injini ikulira pansipansi. Mphindi zitakwana ndinazimitsa, ndinazula kiyi n'kuwapatsira ndi manja awiri. Sanalandire. Anatsegula chitseko, anatsitsa mwendo wotupa uja mosamala, kenaka winawo.

"Lachinayi tikukatenga kachewere ku Ulongwe," anatero. "Ubwere m'mamawa, uyambe waona oyilo. Ndipo iwe Lazaro, ukadzandilalatiranso pagulu, ndidzakusiya pamsewu pomwepo, ubwere wapansi."

"Ndamva, malume."

"Kiyiyo usaike m'thumba lobookalo. Ndi mmodzi yekha."